Kodi Munthu Ayambe Liti Kuphunzira Malamulo?

Lero tikamba za nchito ya uloya, makamaka za msinkhu umene munthu angayambire kuiphunzira. Nkhani yathu itipititsa kutali, ku dziko la America, cifukwa kumeneko funso limeneli limasautsa mitima ya anyamata ndi atsikana ambiri caka ndi caka.

Loya ndi munthu amene anaphunzira malamulo a dziko, ndipo amaimira anthu pa milandu m'khoti, kapena kuwalangiza pamene afuna kupangana za malonda, za nyumba kapena za cuma ca masiye. Kuno ku Zambia mwana amene wakhoza bwino ku sekondale angapite ku yunivesite kukatenga malamulo monga digiri yake yoyamba, yochedwa LL.B. Sukulu ya malamulo ya pa University of Zambia inayamba mu 1967. Akatsiriza digiriyo amapita ku sukulu ya ZIALE mu Lusaka kukaphunzira kagwiridwe ka nchito, ndipo akapambana mayeso a kumeneko ndiye amaloledwa kuimirira m'khoti.

Ku America njira ndi ina. Kumeneko munthu wocokera ku sekondale sangalowe m'sukulu ya malamulo. Ayenera kuyamba watenga digiri ina ya zaka 4, ndipo digiriyo ingakhale ya phunziro lililonse: mbiri yakale, masamu, zaulimi, ngakhale nyimbo. Pambuyo pake amalemba mayeso olowera. Ofala kwambiri ndi ochedwa LSAT, amene malikisi ake amayambira pa 120 kulekeza pa 180. Akalandiridwa amaphunzira zaka zina 3, nalandira digiri yochedwa J.D., ndiyeno amalemba mayeso a cigawo ca dziko cimene afuna kugwiramo nchito. Conco wophunzira malamulo ku America ndi munthu wamkulu kale, kawiri-kawiri wa zaka 22 kapena kuposerapo. Apa ndi pamene funso lathu libadwira. Kodi munthu akangolandira digiri yoyamba athamangire ku sukulu ya malamulo mutu ukali wozolowera mabuku, kapena ayambe wagwira nchito zaka zingapo?

Tiyeni tione anthu awiri a m'nyumba imodzi amene anayankha funso limeneli mosiyana. Mai Michelle Obama, amene panthawiyo anali Michelle Robinson, anatsiriza digiri yao yoyamba pa yunivesite ya Princeton mu 1985, ali ndi zaka 21, ndipo caka comweco analowa sukulu ya malamulo ya Harvard. Pofika 1988 anali atatsiriza, nalembedwa nchito pa kampani yaikulu ya maloya mu mzinda wa Chicago. Bambo Barack Obama, amene pambuyo pake anakhala mwamuna wao ndiponso pulezidenti wa America kuyambira 2009 kufikira 2017, sanafulumire cotero. Anatsiriza digiri yoyamba pa yunivesite ya Columbia mu 1983, nagwirako nchito mu New York, ndipo kuyambira 1985 anakhala zaka 3 akugwira nchito ndi mipingo ya kum'mwera kwa Chicago, pakati pa anthu osauka amene ambiri a iwo anasowa nchito mafakitale a zitsulo atatsekedwa. Analowa Harvard mu 1988, ali ndi zaka 27. Mu 1989, pa nyengo yopuma, anapita kukagwirako nchito pa kampani ya maloya ija ya mu Chicago, ndipo amene anapatsidwa udindo wowalangiza ndi kuwasonyeza nchito anali Mai Michelle, munthu wocepa kwa iwo ndi zaka ziwiri ndi theka. Onani mtengo wa kucedwa: wamkulu analangizidwa ndi wamng'ono. Komabe mu 1990 ophunzira anzao anasankha Bambo Obama kukhala mkulu wa magazini ya malamulo ya pa sukulupo, Harvard Law Review, ndipo anali munthu wakuda woyamba kukhala pa mpando umenewo.

Onse awiri anafika. Nanga zaka za nchito zimampatsa ciani munthu, cimene mabuku sangampatse?

Kuti timvetse, tiyenera kudziwa m'mene malamulo amaphunzitsidwira kumeneko. Mu 1870 munthu wina dzina lake Christopher Langdell anakhala mkulu wa sukulu ya malamulo ya Harvard, nayambitsa kaphunzitsidwe kamene kakali kutsatiridwa kufikira lero. M'malo moloweza malamulo pamtima monga m'mene inu mumalowezera matebulo a masamu, ophunzira amawerenga milandu yeni-yeni imene inaweruzidwa kale. M'mawa mwake mphunzitsi amachula dzina la wophunzira mmodzi pakati pa gulu, namufunsa mafunso motsatizana. Anadandaula ndani? Anafuna ciani? Woweruza anagamula bwanji, ndipo cifukwa ninji? Nanga cinthu cimodzi cikadasintha, cigamulo cikadakhala comweco kodi?

Tsono milandu imeneyi ndi nkhani za anthu. Wina anacotsedwa nchito popanda cenjezo, wina anagula munda umene unagulitsidwa kale kwa munthu wina, wina anathamangitsidwa m'nyumba ya lendi, wina anabwereka ndalama nalephera kubweza. Mnyamata amene sanalandirepo malipiro, sanalipirepo lendi, ndipo sanasainepo cipangano ciliconse, amawerenga zonsezi monga nthano. Angakhale wanzeru kwambiri, nagwira mfundo ya lamulo msanga kuposa anzake, koma kulemera kwa nkhaniyo sakumva. Munthu amene anakhalapo namwino, msilikali, kalaliki kapena mphunzitsi amadziwa m'mene mtima umagundira pamene kalata yocokera kwa bwana yafika, ndipo amaona msanga pamene pagona vuto la wodandaula. Amadziwanso kufika pa nthawi, kulemba kalata yomveka, ndi kumvetsera munthu wokwiya kufikira atatsiriza kulankhula. Zimenezi ndi theka la nchito ya loya, ndipo palibe mayeso amene amaziyesa.

Cinthu cina ndi cakuti munthu amene wagwirapo nchito kawiri-kawiri amadziwa cimene wadzera. Ambiri amene amathamangira ku sukulu ya malamulo amatero cifukwa sadziwa cina cocita, kapena cifukwa makolo afuna kuti pa banja pakhale loya. Ena a iwo amazindikira mocedwa, ndalama zitapita kale, kuti nchitoyo siiwakomera.

Masukulu eni ake anaona zimenezi. M'zaka zaposacedwa, mwa ophunzira asanu alionse olowa sukulu ya malamulo ya Harvard, pafupi-fupi anai amakhala atatha caka cimodzi kapena kuposa cicokere ku yunivesite. Sukuluyo ili ndi makonzedwe akuti wophunzira apemphe malo akali pa digiri yoyamba, ndipo akalandiridwa amauzidwa kuti akagwire nchito zaka ziwiri asanabwere. Sukulu ya Northwestern mu Chicago idziwika kwa zaka zambiri ndi kukonda ophunzira amene anagwirapo nchito. Ndipo acikulire m'kalasi si cinthu cacilendo ku America. Mu 1944 boma linaika lamulo lolipirira maphunziro asilikali obwera ku nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo masukulu a malamulo anadzaza ndi amuna okhwima, ena okwatira ndi obereka kale. Mmodzi wa iwo, John Paul Stevens, analowa Northwestern mu 1945 ali ndi zaka 25, ndipo mu 1975 anakhala woweruza m'Khoti Lalikulu la dzikolo.

Koma ndisakunamizeni kuti kucedwa kulibe mtengo. Sukulu ya malamulo ku America ndi yodula koopsa. Masukulu ambiri amene si a boma amalipiritsa madola oposa 50,000 pa caka, osawerengera cakudya ndi pogona, ndipo ophunzira ambiri amatuluka ndi ngongole yaikulu. Munthu wa zaka 35 amene wasiya nchito amataya malipiro a zaka 3, pamene ana afuna nsapato ndi mabuku, ndipo amatsala ndi zaka zocepa zobwezera ngongoleyo. Akatsiriza amayambira pansi, nalamulidwa ndi acicepere. Ndi cifukwa cake masukulu ena, monga Georgetown mu Washington, ali ndi makalasi a madzulo, kumene munthu amagwira nchito usana naphunzira usiku, koma amatsiriza pa zaka 4 m'malo mwa 3.

Ndipo ana inu mumve bwino apa. Posankha ophunzira, masukulu amayang'ana coyamba malikisi a digiri yoyamba ndi a mayeso olowera. Zaka za nchito zimaonjezera pa malikisi abwino, koma sizifafaniza oipa. Wina asati, popeza acikulire amalandiridwa, ndisewere lero ndidzaphunzira ndikadzakula. Ine ndiona kuti msinkhu pa wokha suthandiza kanthu. Munthu angathe zaka 10 atakhala pansi pa mtengo, nadzuka ali m'mene analili. Cimene cimawerengedwa ndi cimene anacita ndi kuona m'zakazo.

Kwa inu aphunzitsi, amene mwina mumaganiza kuti coko cinakutsekerani njira zina zonse, pali nkhani ya Mai Elizabeth Warren. Iwo anatsiriza digiri yoyamba mu 1970, naphunzitsa ana olemala pa sukulu ya boma. Atabereka mwana anakhala pa nyumba, ndipo mwanayo atakwanitsa zaka ziwiri analowa sukulu ya malamulo ya Rutgers, natsiriza mu 1976. Anakhala mphunzitsi wa malamulo a ngongole pa Harvard, ndipo mu 2012 anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Senate.

Koma nkhani imene ndifuna kuti ikhale m'mitima yanu ndi ya Mai Ruth Bader Ginsburg, amene anabadwa mu 1933 namwalira mu 2020. Anatsiriza digiri yoyamba pa yunivesite ya Cornell mu 1954, nakwatiwa caka comweco, natsatira amuna ao ku Oklahoma kumene anali pa nchito ya usilikali. Kumeneko analembedwa nchito m'ofesi ya boma yoona za ndalama za okalamba, amasiye ndi ana amasiye, yochedwa Social Security. Atakhala ndi pathupi, anatsitsidwa pa udindo. Masiku amenewo palibe lamulo limene linaletsa kucita zotero.

Analowa Harvard mu 1956, ali ndi zaka 23 ndiponso mwana wa caka cimodzi. M'kalasi la anthu pafupi-fupi 500, akazi anali 9 cabe. Ali pa sukulupo amuna ao, amene anali kuphunziranso malamulo, anadwala khansa, ndipo mai ameneyu anasamala wodwala ndi mwana, nasonkhanitsa manotsi a amuna ao, osasiya maphunziro ao. Pambuyo pake banja linasamukira ku New York, ndipo iwo anatsiriza pa Columbia mu 1959, ali pa nambala yoyamba pamodzi ndi wophunzira wina. Ngakhale zinali conco, makampani a maloya a mu New York sanawalembe nchito. Anakhala mphunzitsi wa malamulo, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anaimirira m'Khoti Lalikulu pa milandu 6 yotsutsa malamulo osiyanitsa amuna ndi akazi, napambana 5. Mu 1993 iwo eni anakhala woweruza m'khoti lomwelo.

Umodzi wa milandu imeneyo unakhudza ofesi yomwe ija imene anagwiramo nchito ali mtsikana. Mai wina, mphunzitsi wa sukulu, anamwalira pobereka mu 1972, nasiya khanda ndi bambo wake. Mai uja anali kudulidwa ndalama pa malipiro ake mwezi ndi mwezi monga m'mene anali kudulidwira aphunzitsi aamuna. Bamboyo anafuna kukhala pa nyumba kulera mwana, koma atapita ku ofesi anauzidwa kuti thandizo la kholo lotsala ndi mwana linali la akazi amasiye okha. Lamulo linali kuganiza kuti wodyetsa banja ndi mwamuna nthawi zonse. Mai Ginsburg, amene anaidziwa ofesiyo kucokera m'kati, ndipo anadziwanso kulera mwana pamene mnzako ali gone, anasonyeza khoti kuti lamulolo linalakwira anthu atatu panthawi imodzi: mai amene ndalama zake sizinateteze banja lake monga za mwamuna, bambo amene anamanidwa mwai wolera, ndi khanda limene linataya kale kholo limodzi. Mu 1975 oweruza onse amene anamva mlanduwo anagwirizana nao, ndipo kuyambira pamenepo mwamuna wofedwa amene watsala ndi mwana analoledwa kulandira thandizo lofanana ndi la mkazi wamasiye.