Mpando Wotsala M'ndege

Anzanga a pa mgodi, ena mwa inu muli ndi abale ogwira nchito ku kampani ya ndege, amene angakupezereni tikiti yotsika mtengo. Ine mabalane wanu ndikucenjezeni: tikiti imeneyi ilibe mpando wake. Mumakwera pokhapokha malo atatsala, olipira mtengo wonse atalowa. Cotero fikani msanga, khalani phee kufikira dzina lanu litaitanidwa, osakangana ndi kalaliki wa pa cipata. Bvalani mwaulemu: mu 2017 ku Denver, United Airlines inabweza atsikana awiri a tikiti yotere cifukwa ca zobvala zothina. Ndege ikadzaza, dikirani ina. Musayende tsiku lothera chuthi, mungajombe ku nchito. Mukacita cipongwe, wolandidwa mwai umenewu ndi mbale wanuyo.