Kalata ya Mpingo ndi Maziko a Umodzi Wathu

Mkhristu akasamuka ku Ekwendeni kudzakhala ku Dedza, kapena akachoka ku Mulanje kukagwira ntchito ku Harare, amanyamula kapepala kakang'ono kolembedwa ndi mbusa wa kwao. Ife akulu a mpingo tikakawerenga m'bwalo, mlendoyo timamlola kudya nafe Mgonero wa Ambuye, osambatizanso, osafunsa mtundu wake. Tinazolowera zimenezi kotero kuti sitionanso kudabwitsa kwake.

Kapepalako kali ndi mbiri. Amishoni a Livingstonia anafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed anayamba ntchito pa Mvera mu 1889. Aliyense anali ndi chuma chake, masukulu ake, ndi mpingo womtuma wakewake, ena ku Scotland, ena ku South Africa. Akhristu eni dziko anali osiyana koposa pamenepo. Ena anapemphera m'Chitumbuka, ena m'Chitonga, ena m'Chinyanja ndi m'Chiyao, ndipo okalamba ambiri anali kukumbukirabe nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo. Komabe mu 1924, pa Livingstonia, mapresbiterio a Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kukhala mpingo umodzi, wa C.C.A.P., nasankha Dr. Robert Laws kukhala mtsogoleri woyamba wa Sinodi. A Nkhoma analowa mu 1926, a Harare mu 1965, ndipo Sinodi ya Zambia inakhazikitsidwa mu 1984.

Ana a sukulu amaloweza zaka zimenezi msanga, koma funso limene sitiwafunsa ndi ili: kodi makolo aja anaima pa chiyani? Sitikhulupirira kuti msonkhano wa 1924 ndiwo unapanga umodzi. Unangovomereza poyera chimene chinalipo kale. Mdzukulu wa wankhondo ndi mdzukulu wa wothawa nkhondo anabatizidwa m'dzina limodzi, namwera chikho chimodzi, komiti isanakhale pansi. Pa Aefeso 4 Paulo sauza Akhristu kuti apange umodzi, koma kuti asunge umodzi umene Mzimu Woyera anawapatsa, ndipo maziko amene atchula pamenepo ndi Ambuye, chikhulupiriro ndi ubatizo. Chilankhulo ndi chigawo sazitchula. Ndiponso pa Yohane 17 umodzi wa ophunzira ndi chinthu chimene Yesu anapempha kwa Atate usiku uja asanapachikidwe. Chopemphedwa kwa Atate chimachokera kwa Atate.

Tikutero chifukwa malamulo a pa pepala taona malire ake. Mkangano wa malire pakati pa Sinodi ya Livingstonia ndi ya Nkhoma unatenga zaka zambiri, ndipo m'matauni ena tsopano muli matchalitchi awiri a C.C.A.P. oyandikana, anthu ake opatsana moni pamsika koma osayenderana pa Sabata. Mkanganowo ana anaumva kwa ife akulu, ndipo ena anayamba kuyesa kuti Sinodi ndi mtundu. Ku Korinto nakonso anthu anagawikana chifukwa cha maina a Paulo, Apolo ndi Kefa, onsewo atumiki okhulupirika. Mutu umodzi susenza denga, anatero akale, koma ife tifika pena pokanganira nsichi denga lili pansi.

Sitinena kuti kusiyana konse ndi tchimo. Nyimbo, katekisma ndi kayendetsedwe ka mapemphero zikhoza kusiyana, monga mwana wa ku Karonga ndi wa ku Nsanje amakhala m'kalasi limodzi aliyense ndi kalankhulidwe kake. Choopsa ndi pamene mlendo apereka kalata yake, ife n'kuyang'ana chidindo cha Sinodi tisanayang'ane dzina lake. Munthu wotere amakhala pa benchi la kumbuyo miyezi itatu, wosalowetsedwa m'Chigwirizano kapena m'kwaya, wosayenderedwa akadwala, kenaka timangomva kuti anapita ku mpingo wina. Kalata yake imatsala m'kabati ya mlembi, yopindidwa bwino, dzina lake lili m'kaundula.