Kodi nyumba igulitsidwe mwezi uti?

Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza anthu kugulitsa nyumba, funso limene silisowa ndi lakuti: "Achimwene, ndiigulitse liti kuti ndipezepo kanthu?" Ambiri amayembekezera kuti nditchula mwezi umodzi monga mlangizi wa zaulimi amatchulira nthawi yobzala. Nthawi yake ilipo ndithu, koma ndiyambe ndi mwezi woti muzipewa.

Mwezi wake ndi Januwale. Fizi ya teremu yachiwiri ikufunika, kumunda akudikira feteleza wobereketsa, chimanga chakwera mtengo, ndipo ndalama zinathera ku Khirisimasi. Ogula enieni amachepa. Amene amagogoda pageti nthawi imeneyi kawirikawiri amakhala uja wamva kuti mwapanikizika.

Chaka china mayi wina wamasiye wa ku Area 25 mu Lilongwe anandiitana mu Januwale kuti ndiwagulitsire nyumba, mwana wawo akufunika fizi ya kukoleji. Usiku woti mawa tikaonetsa nyumbayo mvula inachezera kugwa. Galimoto ya wogula inatitimira tisanafike, tinamaliza ulendo wapansi, nsapato zili matope okhaokha. Titalowa pabalaza, wogulayo sanayang'ane matailosi kapena zitseko zatsopano. Maso ake anali pa siling'i pomwe panali banga la madzi lalikulu ngati mbale ya nsima, kenako pa beseni limene mayi aja anaiwala kuchotsa pansi pake. Malata awiri okha ndi amene ankadontha, koma iye anagwetsa mtengo ngati denga lonse lawola. Ndinawapempha mayiwo kuti akane, ayambe apempha thandizo la fizi kwa abale, akonze dengalo. Nyumbayo inapita mu Julaye, kwa munthu wina, pa mtengo woyandikira umene ankafuna poyamba.

Chinasintha pakati pa Januwale ndi Julaye n'chiyani? Choyamba ndi ndalama. Misika ya fodya ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu imatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo ndalama zake sizithera m'thumba la mlimi. Zimafika kwa eni malole, kwa eni magolosale ndi mashopu a zipangizo zomangira. Onjezanipo za soya, mtedza ndi chimanga. Pofika Juni, anthu a bizinesi amakhala akufuna poika phindu lawo, ndipo ambiri amakhulupirira njerwa kuposa buku la kubanki.

Chachiwiri ndi sukulu. Chaka cha maphunziro chimayamba mu Seputembala, choncho banja lofuna kusamuka limafuna likhale litakhazikika ana asanatsegulire. Chachitatu ndi maonekedwe. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti misewu imakhala youma, makoma auma, kunja kukuzizira, munthu amayendera nyumba mosathamanga. Ikafika Okutobala kumakhala fumbi ndi dzuwa loswa mtengo, madzi m'mipopi amavuta m'madera ena, ndipo maganizo a anthu amakhala atapita ku mbewu ndi feteleza. Disembala ali ndi mwayi wake: abale athu a ku Johannesburg ndi ku UK amabwera kutchuthi ali ndi ndalama m'manja. Koma amakhala masabata ochepa, ndipo nthawi yomweyo maofesi ambiri amakhala atatseka.

Tsono pali chimene ambiri sachiganizira. Kuti mugulitse mu Juni, ntchito imayamba mu Febuluwale, ndipo ntchito yake si penti ayi, ndi mapepala. Kodi nyumbayo ili m'dzina lanu? Ngati inali ya malemu, pamafunika kalata ya kukhoti yopereka mphamvu zoyang'anira chuma cha masiye, ndipo abale agwirizane msanga. Ngati malowo ndi a lizi, pamafunika chilolezo cha mwini malo, kaya ndi Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation kapena khonsolo ya mzinda, ndipo sachipereka ngati muli ndi ngongole ya lendi ya malo. Msonkho wa kukhonsolo ukhale wolipidwa, ndipo ku MRA nako kumafunika kalata yosonyeza kuti za msonkho zili bwino. Wogula wodalira ngongole ya kubanki ndiye sasuntha popanda mapepala, chifukwa banki imatumiza katswiri wake kudzawerengera mtengo wa nyumbayo ndi kuona ngati umwini wake uli wolongosoka. Zonsezi zimadya miyezi. Ndaonapo ogula abwino akutopa n'kukagula kwina, mwini nyumba akadali pa mzere kuofesi.

Mvula nayo musaione ngati mdani. Ngati nyumba yanu ili pamalo abwino, dzinja ndi mboni yanu. Ijambuleni mu Febuluwale mvula itangokata: pabwalo popanda zithaphwi, ngalande zikuyenda, siling'i youma. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche, ogula a mu Blantyre amayamba afunsa kumene madzi amadzera asanafunse za zipinda. Musabise chinyontho ndi penti. Wogula wochenjera amadziwa za chikomekome cha mkuyu, ndipo akagogoda khoma n'kumva pulasitala akuyoyoka, sakhulupiriranso chilichonse chimene munganene.

Chomaliza n'chokhudza kwacha. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anagulitsa nyumba masabata ochepa izi zisanachitike, ndalama n'kungozisiya kubanki, anadzapeza kuti simenti ndi malata zathawa. Musanalandire ndalama, dziwani kumene zikupita: poloti ina, nyumba ina, kapena bizinesi imene mwaikonzekera kale.

Choncho mukandifunsa mwezi, yankho langa ndi ili: konzani denga ndi mapepala m'dzinja, lengezani mu Meyi, ndipo yesetsani kumaliza Ogasiti asanathe. Koma ngati mapepala sanakwane, kapena mukugulitsa chifukwa ngongole yakufikani pakhosi, dikirani kaye. Wogula akadziwa kuti muli pa changu, mtengo amatchula ndi iyeyo.