Mpikisano wa mamita 100 ungathere pa mzere woyambira

Loweruka pa 3 Ogasiti 2024, mnyamata wa dziko lino wa zaka 18, Steven Sabino, anagwada pa mzere woyambira mpikisano wa liwiro wa mamita 100 m'bwalo la Stade de France ku Paris. Anali masewera a Olimpiki ndipo kwa iye kanali koyamba kufikako. Woyambitsa mpikisano atalamula kuti onse akonzeke, Sabino ananyamuka mfuti isanalire. Oweruza anamuchotsa nthawi yomweyo, anayesa kudandaula koma sizinathandize, ndipo anatuluka m'bwalomo misozi ili chuchuchu. Pambuyo pake anauza atolankhani kuti anamva phokoso lina m'bwalo n'kuyesa kuti ndi mfuti. Tsiku lomwelo Jeremiah Azu wa ku Britain anachotsedwanso pa mlandu wonga womwewo.

Nkhani imeneyi ikukhudza ana a sukulu a ku Ulónguè, Dómuè, Tsangano ndi Zóbuè kuposa momwe anthu angaganizire. M'midzi ya m'malire muno muli anyamata ndi atsikana aliwiro ndithu, koma amaphunzira kuthamanga pa bwalo la mpira, osavala nsapato, kuyamba ali chiimire mphunzitsi akaimba wenzulo. Mwana wotere akasankhidwa pa masewera a sukulu kuti akaimire boma lake kapena chigawo cha Tete, angathe kukapeza pa mzere zitsulo zimene sanazionepo chibadwire, n'kuuzidwa kuti agwade aponde pamenepo. Mnzake amene anazizolowera amakhala atamusiya kale iye akadali kudzuka.

Mwina china chimene chachititsa kuti zitsulozi zisadziwike n'chakuti katswiri amene dziko lino limanyadira koposa, Maria Mutola, amene anapambana golide ku Sydney mu 2000, ankathamanga mamita 800, ndipo mpikisano umenewo amayamba ali chiimire. Koma malamulo a bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, World Athletics, amati pa mipikisano yonse yoyambira mamita 400 kutsika m'munsi, wothamanga ayambe atagwada ndipo aponde pa zitsulozi.

Kale ankakumba maenje

Zitsulozi m'Chipwitikizi amati blocos de partida, ndipo ambiri amangoti mabuloko. Pali chitsulo chachitali chimene amakhomera pansi, ndipo m'mbali mwake muli zopondera ziwiri zopendekeka, china cha phazi lamanja china cha lamanzere, zomwe zimasunthidwa malinga ndi msinkhu wa munthu. Ntchito yake ndi imodzi basi: kupatsa mapazi chinthu cholimba chokankha kuti asaterereke m'mbuyo.

Kugwada kunayamba mabuloko asanabwere. Pa Olimpiki yoyamba ya masiku ano ku Athens mu 1896, Thomas Burke wa ku America anayamba atawerama manja ali pansi, ndipo anapambana mamita 100 pa masekondi 12. Kwa zaka zambiri othamanga ankabwera ndi kachitsulo konga ka omanga nyumba n'kukumba timaenje tiwiri topondamo. Jesse Owens, amene anatenga mamendulo anayi a golide ku Berlin mu 1936, anayambira m'maenje okumba yekha. Munthu amene ambiri amati ndiye anapanga mabuloko ndi Charlie Booth wa ku Australia mu 1929, koma pa Olimpiki anayamba kugwiritsidwa ntchito ku London mu 1948. Tsono sukulu imene ilibe zitsulo koma ili ndi khasu siinganene kuti ilibe poyambira.

Lamulo lilibe chisoni

Kale munthu ankachotsedwa akalakwa kawiri. Umu ndi mmene Linford Christie wa ku Britain anatulukira mu mpikisano womaliza ku Atlanta mu 1996, pamene ankateteza ukatswiri wake. Mu 2003 lamulo linasintha kuti wolakwa woyamba akhululukidwe koma wotsatira aliyense achoke, ndipo kuyambira mu 2010 palibenso kukhululuka: kulakwa kamodzi, mpikisano watha. Ngakhale Usain Bolt, mwini mbiri ya masekondi 9.58 imene anaika ku Berlin mu 2009, anachotsedwa ku Daegu mu 2011 ndipo golide anatenga mnzake wa ku Jamaica komweko, Yohan Blake.

Pa mipikisano ikuluikulu mabuloko amalumikizidwa ku makina amene amamva phazi likangoyamba kukankha. Wothamanga akakankha pasanathe gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi mfuti italira, amatengedwa kuti waba, pakuti amati khutu, ubongo ndi mwendo sizingamvane msanga chotero, ndiye kuti munthuyo anangolota. Devon Allen wa ku America anachotsedwa ku Eugene mu 2022 makina atalemba 0.099 m'malo mwa 0.100. Ambiri anadandaula kuti lamulolo ndi louma mtima, ndipo mwina akunena zoona, koma lilipobe ndipo mwana wophunzira liwiro ayenera kukula akulidziwa.

Kuyeza ndi mapazi

Choyamba n'kudziwa mwendo woika patsogolo. Aphunzitsi ambiri amati utsogole mwendo wamphamvu, umene munthu amadumphira powoloka ngalande. Umene amamenyera mpira kawirikawiri ndiwo umakhala m'mbuyo. Poyeza sipafunika tepi ayi. Wothamanga aike chidendene pa mzere n'kuwerenga mapazi ake awiri kubwerera m'mbuyo, pamenepo ndi pa chopondera chakutsogolo. Mapazi atatu ndi pa chopondera cham'mbuyo. Muyeso umenewu ndi woyambira chabe, wamiyendo yaitali angathe kusunthako pang'ono, koma akapeza pomuyenera asamasinthesinthe.

Malamulo a woyambitsa ndi awiri, kenaka mfuti. Loyamba m'Chipwitikizi ndi "Aos seus lugares", kutanthauza kuti aliyense apite pamalo pake. Wothamanga amapita kutsogolo kwa mabuloko, kuika manja pansi, n'kubwerera chafutambuyo mpaka mapazi onse atakhazikika pa zopondera. Bondo la mwendo wam'mbuyo ligunde pansi. Manja akhale kumbuyo kwa mzere osaukhudza, motalikirana ngati mapewa kapena kuposerako pang'ono, chala chachikulu ndi chamkombaphala zitatambasuka motsata mzerewo. Munthu atsamire pa nsonga za zala, chikhatho chisagone pansi. Khosi likhale lomasuka, maso pansi. Ana ambiri amadzutsa mutu kuti aone kothera, ndipo chimenechi chimaumitsa khosi ndi msana mpikisano usanayambe.

Lachiwiri ndi "Prontos". Apa bondo limachoka pansi, chiuno n'kukwera mpaka kupitirira mapewa pang'ono. Bondo lakutsogolo lipindike ngati ngodya ya chitseko, madigiri 90, pamene lam'mbuyo likhale lotseguka kuposerapo, pafupifupi madigiri 120. Mapazi onse awiri akanikize zopondera. Cholakwa chofala ndi ichi: mwana amaika maganizo onse pa phazi lakutsogolo, lam'mbuyo n'kumangokhudza chopondera ndi zala, ndiye mfuti ikalira chidendene chimayamba chabwerera m'mbuyo kufuna pokankha, nthawi n'kumapita. Ena amakweza chiuno mopitirira mpaka miyendo kuongoka, ndipo mwendo woongoka kale ulibenso chokankhira. Enanso amatsamira kwambiri kutsogolo mpaka manja kunjenjemera, ndipo otere ndiwo amagwera pa mzere mfuti isanalire.

Akafika pamenepo wothamanga akhale duu. Woyambitsa sawerenga kuti wani, thu, fili, amaomba akaona kuti onse akhazikika, choncho nthawi yodikira imasiyana mpikisano uliwonse. Woyesa kulota nthawiyo akuchita juga ndi thukuta lake la chaka chonse.

Monga wokankha njinga ya mbatatesi

Mfuti ikalira miyendo yonse iwiri imakankha pamodzi. Wam'mbuyo umachoka msanga n'kuponda sitepe yoyamba, pamene wakutsogolo umatsalira kukankhabe mpaka utaongoka, kotero kuti kuchokera kumutu mpaka kuchidendene thupi limakhala ngati mtengo umodzi wopendekera kutsogolo. Mkono wa mbali ya mwendo wotsalirawo umaponyedwa kutsogolo mwamphamvu, winawo m'mbuyo.

Aliyense amene anakankhapo njinga yonyamula matumba a mbatatesi pa chitunda cha ku Tsangano, kapena ngolo yotitimira m'matope, akudziwa kale mmene thupi liyenera kukhalira. Palibe amene amakankha ataima njo. Amawerama, mapazi amaponda kumbuyo kwa chiuno, ndipo mphamvu yonse imalowa m'nthaka kulunjika m'mbuyo. Masitepe oyamba a mpikisano ali chimodzimodzi, kungoti katundu wokankhidwayo ndi thupi la mwini wake. Masitepe amayamba aafupi koma amphamvu, n'kumatalika pang'onopang'ono, thupi nalo n'kumadzuka lokha, ndipo munthu amafika poongoka atathamanga mamita 20 kapena 30. Woongoka pa sitepe yachiwiri wataya zonse zimene anagwadira. Woponya phazi patali kutsogolo kwa thupi, poganiza kuti atero afulumira, ndiye kuti akudzimangira yekha mabuleki.

Pano m'pamene pali phindu lalikulu, kuposa pa changu chakumva mfuti chimene ana amalimbana nacho. Mu mpikisano womaliza ku Paris komweko, Noah Lyles wa ku America anali m'gulu la ochedwetsetsa kunyamuka pa anthu asanu ndi atatu, makina analemba 0.178, koma anapambana pa masekondi 9.79, kusiya Kishane Thompson wa ku Jamaica ndi 0.005 chabe. Naye Bolt tsiku loika mbiri lija anafika pa liwiro lake lenileni pakati pa mamita 60 ndi 80. Choncho zimene munthu angapindule pobera mfuti n'zochepa zedi, pamene zimene angataye ndi mpikisano wonse.

Kuphunzira popanda zitsulo

Njira yapafupi ndi ya Owens ija. Pa nthaka youma bwino akumbe timaenje tiwiri pa muyeso wa mapazi awiri ndi atatu, takuya mongokwana zala ndi kutsogolo kwa phazi. Khoma lam'mbuyo la dzenje ndilo lofunika, likhale lolimba, lakutsogolo lopendekeka ndipo lam'mbuyo loimirirako. Akamaliza akwirire ndi kutsendera, pakuti bwalolo mawa pamenyedwa mpira ndipo wina angathe kubinya phazi.

Kalipentala wa pamsika angathenso kukhoma mabuloko amatabwa: thabwa limodzi lalitali pakati, zipika ziwiri zodulidwa mopendekeka, ndi mabowo olowetsa misomali ikuluikulu yogwira pansi. Kaamba koti ana ambiri amathamanga osavala, ndi bwino kupala m'mphepete ndi kukhomerapo mphira ya tayala lakutha. Ngati matabwawo akutererekabe, mnzake aime kumbuyo awaponde. Mabuloko otere saloledwa pa mipikisano ikuluikulu, koma mwana wozolowera amenewa sadabwa akakapeza azitsulo.

Komatu mwana asayambire pa kugwada tsiku loyamba. Ayambe waima mapazi pamodzi, adzilole kugwera kutsogolo thupi lili loongoka, ndipo akamva kuti akugwadi athamange. Chimenechi chimamuphunzitsa kusaopa kupendekeka. Kenaka ayambe atawerama dzanja limodzi lili pansi, pambuyo pake manja onse awiri, ndipo mabuloko abwere pomaliza. Ana aang'ono amene manja awo sangathe kunyamula thupi asakakamizidwe, iwo kuyamba chiimire kuwakwanira.

Ntchito imeneyi imafuna thupi losatopa. Achite atangotha kutenthetsa thupi, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julaye pamene kumapiri kuno kumazizira ndipo minofu siichedwa kukokeka. Kunyamuka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa mamita 20 kapena 30, kupuma mokwanira pakati, n'kokwana tsiku limodzi. Kuchita kambirimbiri mpaka ana kulefuka kumangowazoloweretsa kunyamuka mwaulesi.

Mbali yaikulu ili kwa mphunzitsi woyambitsayo. Akamaomba nthawi yofanana tsiku ndi tsiku, ana amaloweza kaimbidwe kake osati kumvera, ndipo akakapeza woyambitsa wachilendo amaba. Azisinthasintha, nthawi zina msanga, nthawi zina mochedwerako, nthawi zina osaomba n'komwe koma kuwauza adzuke. Azilolanso anzawo kuchita phokoso pambali, kuomba m'manja kapena kugwetsa chitini, kuti khutu lizolowere kusankha kulira kumodzi kokha. Ndipo wakuba pa zoyeserera achotsedwe pa ulendo umenewo monga mmene lamulo linenera. Kulira pa bwalo la sukulu yakwawo n'kopepuka kusiyana ndi kukalira ku Tete kapena ku Zimpeto ku Maputo.

Pomwe palibe mfuti, matabwa awiri omenyanitsa amaposa wenzulo, chifukwa kulira kwake n'kwakufupi ndipo amaoneka patali. Kuonekako n'kofunika kwa wogwira wotchi. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, ndiye kuti limatenga pafupifupi 0.3 kuti lifike kothera mamita 100. Wodikira kumva amalembera mwana nthawi yabodza yomukometsera, imene imakamuchititsa manyazi kutsogolo. Wogwira wotchi adine akaona matabwa akumana, ndipo woyambitsa aime poti ana onse a pa mzere amumve mofanana.