ZA FIRIJI YOYENDERA MOTO WA GASI

M'dziko lathu lino la Ntcheu, kuyambira ku mapiri a Tsangano kufikira ku chigwa cha Bwanje, zilipo nyumba zambiri kumene nthambo za magetsi sizinafike. Ena a m'nyumbazo, pofuna kusunga nyama, mkaka ndi mankhwala pozizira, agula firiji yoyendera gasi. Chifukwa chake tati tikufotokozereni makhalidwe ake a chipangizo ichi. Pakuti chithandiza munthu wochidziwa, koma chikhoza kupha wochinyozera.

Wina adzafunsa, Kodi moto ungabale bwanji chisanu? Taonani mtsuko wadothi uli pamthunzi. Madzi ake azizira chifukwa ena atulukira pang'ono pang'ono m'dothimo, nauma, ndipo pakuuma achoka nako kutentha. Momwemonso ichita firiji iyi. M'mipope yake yotsekeka muli madzi, amoniya, ndi mpweya wotchedwa hydrogen. Kalawi kakang'ono kawiritsa madzi osanganiza ndi amoniya; amoniyayo akwera monga nthunzi, nazirala m'mipope ya kumbuyo, nasanduka madzi, natsikira m'kati mwa firiji. M'menemo akomana ndi hydrogen, naumanso, natenga kutentha kwa zakudya. Pamenepo madzi aja amumeza, nabwerera naye kumoto. Mulibe injini, ndipo simudzamva phokoso.

Nzeru iyi anaikonza anyamata awiri ophunzira ku Stockholm, m'dziko la Sweden, Baltzar von Platen ndi Carl Munters, m'chaka cha 1922. Ndipo kampani ya Electrolux inayamba kugulitsa mafiriji otere m'chaka cha 1925. Zaka zambiri zipatala za kumidzi zinasungiramo katemera, amene afuna kuzizira kwa madigiri 2 kufikira 8, poyatsa palafini kapena gasi. Koma tsopano zambiri zalandira mafiriji a mphamvu ya dzuwa.

Tsono firiji iyi ifuna zinthu zitatu kwa mwini wake.

Choyamba, iime chilili, yosapendekeka. Popeza mulibe pampu, madziwo atsika okha monga mtsinje utsata kutsetsereka kwa dziko. Ikapendekeka, madzi aima m'mipope, mowiritsira muja mupsa, ndipo firiji ikhoza kufa osadzukanso. Pansi pa nyumba zathu zozira sipalingana. Chifukwa chake bwerekani levulo kwa mmisiri womanga nyumba, nimuike timatabwa pansi pa miyendo kufikira italungama. Mutayatsa musataye mtima msanga, pakuti kuzizira kwake kufika patapita maola ambiri.

Chachiwiri, lawi likhale loyera. Lawi labwino lili labuluu, losagwedezeka. Mukaona lachikasu, kapena mwaye pakamwa pa chumuni chake, zimitsani, dikirani chizirale, nimupukute chumunicho. Pakuti akangaude ndi fumbi atsekamo kawirikawiri. Polumikiza silinda yatsopano, pakani thovu la sopo polumikizirapo: likatupa, gasi alikutuluka. Musayese konse ndi machesi. Gasi uyu alemera koposa mpweya, nakhala pansi pa nyumba osaoneka. Mukamva fungo lake, tsekani silinda, tsegulani zitseko, ndipo asayatse munthu nyali kapena fodya.

Chachitatu, ndicho chachikulu, ipatseni mpweya. Lawi losowa mpweya, kapena lodzala mwaye, litulutsa utsi wakupha wotchedwa carbon monoxide, wopanda fungo, wosaoneka ndi maso. Ndiwo womwewo upha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Tidziwa tonse chisanu cha Juni ndi Julayi ku Lizulu ndi ku Mlanda, mmene anthu atseka zenera lililonse, natsekanso mipata ndi nsanza. Nthawi yomweyo ndiyo ya tsoka. Firiji iyi isakhale m'chipinda chogona, ngakhale usiku umodzi. Ikhale m'chipinda cha payokha, chokhala ndi mpata pansi ndi wina pamwamba, wosatsekedwa chaka chonse. Anthu a m'nyumba imodzi akamva mutu, chizungulire, nseru ndi kulefuka onse pamodzi, musachedwe ndi kunena kuti ndi malungo: atulutseni panja, tsekani gasi, nimupite nawo kuchipatala.

Inu a kuchigwa, kumene dzuwa la Okutobala liwawa, musaigundike kukhoma, kuti kutentha kwa kumbuyo kupeze potulukira. Musaikemo chakudya chotentha, ndipo ana asatsegule chitseko chake mwamasewera. Madzi oundana akachuluka m'kati, zimitsani moto kuti asungunuke okha. Musawakokote ndi mpeni, mungaboole mpope ndi kutaya amoniya, amene atentha maso ndi chifuwa.

Aphunzitsi, werengani mawu awa pamaso pa anthu, makamaka iwo osadziwa kuwerenga amene atsala panyumba ndi firiji mwini wake atachoka. Pakuti iwo ndiwo ayamba kuona lawi likasanduka lachikasu.