Mayi waima mwana akadali kubere: kodi amuletse kuyamwa?

Mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi itatu, yemwe dzulo lomweli amayamwa mwaufulu, lero wapeza bere la mayi ake litapakidwa tsabola. Walira mpaka mawu kusasa. Pofika madzulo agogo ake amubereka kumsana, ulendo wa kumudzi wa kutsidya kuti akaiwale bere. Mayi ake angozindikira kumene kuti ali ndi pakati, ndipo akuluakulu agamula kuti mwanayu asayamwenso ngakhale dontho.

Zotere zimachitika m'midzi ndi m'matauni ambiri m'dziko muno. Anthu amakhulupirira kuti mayi akangoima, mkaka wake umaonongeka ndipo mwana akauyamwa amatsekula m'mimba, kuonda kapena kutupa. Mayi woima mwana akadali wamng'ono amati watumbiza, ndipo mwanayo akayamba kunyentchera amati wagwidwa utumbidwa. Mawu amenewa amanenedwa monyoza, moti amayi ena amabisa pathupi kwa miyezi ingapo poopa kusekedwa kuchitsime.

Matenda omwe akuluakulu amaonawo ndi enieni. Ana ambiri amadwaladi mayi awo akatenga pathupi pena msanga. Funso lagona pa chimene chimawadwalitsa.

Malinga ndi akatswiri a zaumoyo, mkaka wa mayi woyembekezera suola, susasa ndipo mulibe poizoni. Umapangidwa m'bere kuchokera m'magazi a mayi monga umapangidwira masiku onse, ndipo sukhudzana ndi mwana amene ali m'chiberekero. Chomwe chimasintha ndi kuchuluka kwake komanso kakomedwe kake. Pathupi pakafika miyezi inayi kapena isanu mkaka umayamba kuchepa, umamveka wamcherepo, ndipo chakumapeto umasanduka mkaka wachikasu uja umene khanda limayamwa masiku oyamba. Mkaka wachikasuwu umafewetsako chimbudzi, choncho mayi akhoza kuona kusintha pathewera la mwana nkuganiza kuti akuluakulu ananena zoona. Kufewa kotere kumasiyana ndi kutsekula m'mimba kwa matenda.

Ndiye nanga utumbidwa umachokera kuti? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa pakati pa miyezi 6 ndi 12 amapeza theka kapena kuposerapo la mphamvu zomwe thupi lake limafuna kuchokera kubere, ndipo wa pakati pa miyezi 12 ndi 24 amapezako gawo limodzi mwa magawo atatu. Mumkakamo mulinso chitetezo cholimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mwana akaletsedwa kuyamwa tsiku limodzi lokha, zonsezi zimamuchokera nthawi imodzi. M'malo mwake amapatsidwa phala lamadzimadzi la ufa woyera, mwina lothira mchere kapena shuga basi, lomwe limadzaza kamimba kake koma osamupatsa zomanga thupi.

Kuonjezera apo mwanayu ali pamsinkhu wokwawa ndi kutola chilichonse nkuika mkamwa. Wachotsedwa kwa mayi ake, ali ndi msunamo, chakudya akukana. Akangotsekula m'mimba kapena kugwidwa malungo, thupi limatsika msanga. Zikachitika m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, zinthu zimafika poipa. Mapazi amatupa moti ukadina ndi chala pamatsala kadzenje, tsitsi limafiira ndi kupyapyala, khungu limasupuka. Apa anthu amati mwana anayamwa mkaka wa mimba, chonsecho chamudwalitsa ndi kusowa kwa mkaka womwewo.

Si Amalawi okha amene anaona mgwirizano wa matendawa ndi pathupi patsopano. Dokotala wina wochokera ku Jamaica, Cicely Williams, akugwira ntchito ku Gold Coast, dziko lomwe lero ndi Ghana, analemba za matenda otupa a ana m'chaka cha 1933, ndipo mu 1935 anawatchula dzina lomwe anthu a mtundu wa Ga ankawatchula, loti kwashiorkor. Tanthauzo lake ndi matenda amene mwana amadwala akachotsedwa kubere chifukwa kukubwera mng'ono wake. Ana omwe Williams ankawaona anali osiyitsidwa bere nkumadyetsedwa phala la chimanga, ndipo ankawathandiza powapatsa mkaka. Dzinali ndi lomwe madokotala akugwiritsabe ntchito mpaka lero, kuphatikizapo m'zipinda zosamalira ana onyentchera za m'zipatala za m'dziko muno.

Nkhaniyi ndi yaikulu kuno chifukwa ana ambiri amakhala kale pampanipani. Kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kupinimbira kumayamba kwambiri m'zaka ziwiri zoyambirira za moyo, nthawi yomweyi imene mwana wotumbidwa amalandidwa bere. Uphungu wa WHO, womwenso unduna wa zaumoyo umatsatira, ndi woti mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6 yoyamba, kenako apitirize kuyamwa uku akudya zakudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Mantha ena ndi oti kuyamwitsa kungachotse pathupi. Mwana akamayamwa, thupi la mayi limatulutsa timadzi totchedwa oxytocin, tomwe timathandiza mkaka kutsika komanso timachititsa chiberekero kukungika. Nchifukwa chake amayi ena amamva kukoka pang'ono m'mimba poyamwitsa. Koma timadziti timatuluka tochepa, monganso zimakhalira mayi akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake, ndipo chiberekero sichitimvera kwenikweni mpaka nthawi yochira itayandikira. Kwa mayi wathanzi amene pathupi pake palibe vuto, kuyamwitsa sikuyambitsa matenda a uchembere nthawi isanakwane.

Pali amayi ena omwe ayenera kufunsa kaye kwa anamwino kapena dokotala: amene anapitapo padera, amene anachirapo mwana wosakwana masiku, amene akutaya magazi kapena kumva kupweteka m'mimba, amene akuyembekezera mapasa, komanso amene akuonda kapena ali ndi magazi ochepa kwambiri. Otere akhoza kulangizidwa kusiya kuyamwitsa. Ichi ndi chifukwa china choyambira sikelo msanga m'malo mobisa pathupi, pakuti kumeneko ndi komwe mayi amayezedwa magazi nkulandira mapiritsi oonjezera magazi, mankhwala oteteza malungo ndi neti. Mayi amene ali ndi HIV ndipo akumwa ma ARV, omwe kuchokera mu 2011 dziko lino limapereka kwa amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa opezeka ndi kachilomboka, asasiye kumwa mankhwala ndipo akambirane ndi achipatala za kayamwitsidwe ka mwana wamkuluyo.

Komabe nkhawa ya agogo siyopanda mutu konse. Mayi woyembekezera amene akuyamwitsa akudyetsa matupi atatu, ndipo ngati chakudya chili chochepa wina mwa atatuwo amaperewedwa, kawirikawiri mayiyo. Kumene amayi amadya mosakwanira vutoli limatha kufika ndi kwa khanda. Kafukufuku amene anachitika pakati pa mabanja osauka mumzinda wa Lima ku Peru, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anapeza kuti makanda a amayi omwe anayamwitsa mpaka chakumapeto kwa pathupi ananenepa pang'onopang'ono m'mwezi woyamba poyerekeza ndi anzawo. Choncho kuuza mayi kuti apitirize kuyamwitsa popanda kuonjezera mbale yake ndi kumusenzetsa katundu wolemera.

Apa ndi pamene abambo ambiri amasowa. Pathupi ndi pa anthu awiri, koma chitonzo cha kutumbiza chimagwera mayi yekha, yemwenso amalima, kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kudya pomaliza ndiwo zitatha. Mayi wotere amafunika chakudya china choonjezera patsiku kuchokera m'magulu asanu ndi limodzi aja omwe alangizi a zaumoyo amaphunzitsa: nsima ya mgaiwa kapena mbatata, nyemba, nandolo kapena mtedza, usipa, matemba kapena dzira, masamba monga nkhwani ndi bonongwe, zipatso za nyengo yake, komanso mafuta pang'ono. Amafunikanso madzi akumwa okwanira ndi mpata wopuma masana.

Amayi ambiri amavutikanso ndi kupweteka kwa nsonga za mabere, kutopa ndi nseru, moti ena amafuna okha kusiyitsa mwana. Palibe cholakwa pamenepo malinga zichitike pang'onopang'ono. Mayi amachotsa kaye kuyamwa kumodzi kwa masana nkuikapo chakudya, pakapita masiku angapo nkuchotsanso kwina, kuyamwa kwa usiku nkukhala komaliza. Phala likhale lolimba, losayenderera pasupuni, lotendera nsinjiro kapena lothira ufa wa soya monga Likuni Phala, ndipo mwana wopitirira chaka adye katatu kapena kanayi patsiku ndi tina tapakati monga nthochi kapena papaya. Akhale pafupi ndi mayi ake m'malo momutumiza kutali. Ana ena amasiya okha bere mkaka ukachepa ndi kusintha kakomedwe.

Ngati mwana woyamwayo sanakwane chaka, kuchepa kwa mkaka kumamukhudza kwambiri, choncho ayenera kukwera sikelo mwezi uliwonse. Mzere wa pakhadi lake ukaleka kukwera, kapena kalamba koyezera mkono kakafika pachikasu kapena pofiira, achipatala amadziwa chochita, kuphatikizapo kumupatsa chiponde ngati wanyentchera kwambiri.

Khanda likabadwa wamkuluyo asanasiye, mayi akhoza kuyamwitsa onse awiri. Khandalo ndilo liyambe kuyamwa, makamaka masiku oyamba pamene mkaka wachikasu uli wochepa, chifukwa lilibe chakudya china. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene likuyamwidwira, ndiye ana awiri akamayamwa mkaka umachuluka.

Amayi ochuluka amadzidzimuka ndi pathupi potere chifukwa anamva kuti woyamwitsa satenga mimba. Kuyamwitsa kumatetezadi, koma pokhapokha zinthu zitatu zilipo pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa mwakathithi usana ndi usiku, ndipo mayi sanayambenso kusamba. Chimodzi chikasowa chitetezo chatha, ndipo mayi akhoza kuima asanaone msambo ngakhale kamodzi. Akatswiri omwe WHO inasonkhanitsa mu 2005 analangiza kuti mayi adikire miyezi yosachepera 24 chichirireni asanatengenso pathupi pena. Njira zolera monga jakisoni, lupu, makondomu ndi timapulasitiki toika pamkono zimagwirizana ndi kuyamwitsa, ndipo mayi akhoza kufunsa za njirazi tsiku lomwe wapita ndi khanda kukalandira katemera wa masabata asanu ndi limodzi.