MUSANAGULE KOMPYUTA, FUNSANI ZA KAPITAO WACE

Ndalama za cimanga zikalowa m'thumba, makolo ena a ku Katete, Petauke ndi Chadiza amatuma abale ao a mu Lusaka kuti agulire ana kompyuta. Kufunika kwace kunaoneka m'caka ca 2015, pamene ana a Giredi 9 anayamba kulemba mayeso a phunziro limeneli. Mbale wokhala m'komboni ya Kuku, pafupi ndi Chawama, kawiri-kawiri amasankha makina ogwirapo kale nchito, kaamba kakuti atsopano ndi odula. Amayang'ana mtengo ndi maonekedwe, naiwala funso lalikulu.

Kompyuta iri yonse iri ndi pulogalamu yaikulu imene imalamulira zonse za m'kati mwace, monga acitira kapitao pa famu. Yodziwika kwambiri ndi Windows, ya kampani ya Microsoft. Popeza mbala za pa intaneti sizigona, eni pulogalamu amatumiza zigamba zotseka mipata imene yapezeka, monga mlimi amata nkhokwe kuti makoswe asalowe.

Tsono zigamba ziri ndi malire. Windows 7 inaleka kuzilandira mu January 2020. Windows 10 inatsatira pa 14 October 2025, kupatulapo kwa awo amene analembetsa kuti aonjezeredwe nthawi. Makina otere amayakabe bwino lomwe, koma mpata watsopano ukapezeka palibe woutseka. Ngozi yace inaoneka mu May 2017, pamene kacilombo kochedwa WannaCry kanamanga makompyuta m'maiko pafupi-fupi 150, ndi m'zipatala za ku Britain momwe. Cigamba cinali citatuluka kale mu March, koma ambiri sanaciike.

Nanga wogula acitenji? Coyamba, afunse ngati makinawo angathe kunyamula Windows 11, pakuti akale ambiri sangathe. Afunsenso ngati Windows yoikidwamo iri ndi cilolezo. Yokopera mwakuba nthawi zina imadza ndi tizilombo tace m'kati.

Makina akakhala okalamba, njira ina iripo. Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland anayamba mu 1991, ndi yaulere ndiponso ya lamulo. Mtundu wace wina ndi Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mu 2004. Dzinali ndi lomwe lija ife timati umunthu. Ubuntu wolembedwa kuti LTS amalandira zigamba zaulere kwa zaka 5, ndipo tizilombo tambiri toyenda m'mafulashi, popeza tinapangidwira Windows, sitigwira nchito pa iye. Komabe tisabise: Microsoft Word siikidwa pa Ubuntu monga pa Windows. M'malo mwace mwana adzalembera mu LibreOffice. Motero ndi bwino kuyamba mwafunsa aphunzitsi cimene sukulu igwiritsa nchito.

Palibe kapitao angapulumutse zolembedwa ngati makina afa. Cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi nazima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Laputopu ya batire yabwino imapirira zotere koposa kompyuta ya pa tebulo. Ngakhale ziri tero, zofunika zonse zisungidwenso pa fulashi.

Anthu a mu Kuku, kumene madzi amalowa m'nyumba nthawi ya dzinja, adziwa kuti ngalande imakumbidwa mvula isanagwe. Inunso makolo, funsani ndalama isanacoke m'dzanja. Safunsa anadya phula.